Mimba ya Khoma

Amene anayamba kunena kuti khoma lili ndi mimba ndi Atelala. Ananena akuseka, ulusi uli pakamwa, m'mawa wina dzuwa litatuluka pambuyo pa mvula yamphamvu, ndipo onse a pamdadada anasiya zochita kudzaliona. Pamene khomalo linkaonekera kunja, pakati pa bafa ndi chipinda chomalizira cha make Bwana, linalidi litatupa. Mayi a Makala anafunsa kuti nanga mwini mimbayo ndani. Atelala analoza bambo a Bwana ndi sizasi, ati ndi amene amagona nalo moyandikana, asakane. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Make Bwana naye anaonetsako mano, poti pamdadada ukapanda kuseka nawo amati ukudzimva.

Khomalo silinali lawo. Unali mpanda wa bwalo loimikapo mathiraki lomwe linali kumtunda. Mwini mdadada, yemwe onse ankangomutchula kuti Alandi, pomanga zipinda za lendi anangowutenga mpandawo ngati khoma lakumbuyo kuti njerwa zisamuthere zambiri. Kuseri kwake kunalibe mpata. Eni bwalo anathirako dothi ndi miyala mpaka pafupi ndi pamwamba kuti mathiraki aziima posalala, moti ukagona m'chipinda, matayala ankakhala pamwamba pa mutu wako.

M'munsi mwa khomalo omanga anasiyamo mabowo, lililonse ndi kapaipi kake, oti madzi a kuseri azitulukira, ndipo chipinda chilichonse chinapezeka ndi bowo lake. Mayi a Makala, amene anakhalitsa pamalopo, ankati kale kumtundako kunali mitengo ndi bango, mvula inkagwa mwaulemu, ndipo timapaipito tinkangodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine. Unkatchera kachitini, basi. Koma mitengo inapita, pabwalo anathirapo konkire, mvula nayo inasintha khalidwe. Inkatha kusowa mpaka anthu kuiwala kumene anaika ambulera, kenako n'kubwera masana amodzi itasenza madzi a mwezi wonse. Ikatero, timapaipi tinkalavulira m'zipinda madzi akuda onunkha dizilo.

Ndiye anthu anatseka mabowowo. Wina ndi zigamba, wina ndi mapepala a pulasitiki, zonse zinkangozuka. Amene anatseka zenizeni ndi bambo a Bwana. Iwo ankagwira ntchito yosakaniza simenti kwa omanga nyumba, ndipo chaka chatha, mwana wawo wakhanda atayamba chifuwa chifukwa cha chinyezi, anabwera ndi simenti yotsalira m'chitini n'kumata bowo lawo mpaka osadziwika kuti linalipo. Mwanayo, yemwe anamupatsa dzina loti Bwana chifukwa akalira aliyense ankasiya zimene akuchita, anachira. Anzawo ataona pansi pouma anapempha kuti nawo awamatire, ndipo anamata mdadada wonse osalipiritsa. Kuyambira pamenepo ankawaitana kuti amisiri, dzina lomwe kuntchito sanaitanidwepo nalo.

Make Bwana sukulu anaisiyira panjira, koma zinthu za m'nyumba mwake ankazidziwa ngati zala zake. Chitseko chomwe kale chinkatsekeka ndi chala chimodzi tsopano chinkafuna phewa. Galasi lake loyang'anira nkhope, lomwe linkapachikika pa msomali wa pakhoma lakumbuyolo, linali litasiya kugona pakhoma. Kumunsi kwake kunkalendewera padera, ndipo atayesa, zala zake zinalowa kumbuyo kwake osakhudza kanthu. Msomaliwo unali pamimba penipeni.

Ntchito yake inali yochapa maovolosi a madalaivala a pabwalopo, choncho kumtundako ankakudziwa. Tsiku la nthabwalalo anazungulira msewu, mwana kumbuyo, beseni pamutu, n'kukalowa pageti. M'malo mopita kumene madalaivala ankakhala, anayenda mpaka kumapeto kwa bwalo, kumene konkire inathera panjira. Madzi onse a pabwalo ankatsetserekera kumeneko. Ankaganiza kuti apeza chithaphwi, koma anapeza dothi lomira ukaliponda, ndi mng'alu wautali pakati pa dothilo ndi mpanda, woti phazi la munthu n'kulowamo. Madzi onse anali atalowa pansi. Kunoko mpandawo unkangomufika m'chiuno. Atasuzumira, anaona malata a chipinda chake ali pansipo, ndi mwala womwe amuna ake anatsindira denga. Thiraki yodzaza matumba inali itaima pomwepo.

Alonda a pageti anamutsatira n'kumufunsa ngati wasochera. Iye anafunsa kumene madziwo amapita. Alonda anati kale m'mbali mwa mpandamo munali ngalande, koma anaikwirira pamene ankakuza bwalo kuti mathiraki ena akwane. Iwo anawauzapo akapitawo za mng'aluwo, akapitawo n'kuyankha kuti palibe vuto.

"Akuti mpandawu uli ndi mabowo ake, umadzikhetsa wokha," anatero Alonda. "Bola kumunsiko musakhale kuti munawatseka."

Make Bwana anatolera maovolosi n'kubwerera.

Madzulo, bambo a Bwana akupala simenti m'miyendo ndi mwala wosambira, anawauza zonse. Iwo anamvetsera osadzutsa mutu.

"Ndiye ukufuna ndiboole ndekha pamene ndinamata ndekha?"

"Ndikufuna madziwo atuluke ife tili maso."

"Atuluke apite kuti? Pa mwanayu? Waiwala mmene ankatsokomolera?"

Sanaiwale. Ankakumbukanso kuti tsiku limene anamata bowolo iye ndi amene ankawapatsira madzi osakanizira, akuwayamikira. Bambo a Bwana anapitiriza kuti chipinda chawo ndi chimene chili kumtunda kwa mdadada, ndiye madzi akatuluka pakhomo pawo adzadutsa pakhomo la aliyense. Alandi akamva kuti wina wagumula khoma n'kumiza anzake, amenewo ndi mapeto a lendi. Ndipo akachoka apita kuti? Zipinda za kumtunda mtengo wake sangaufike. Zotchipa zili kumunsi m'mbali mwa mtsinje, kumene chaka chatha madzi anatenga zimbudzi ndi nkhuku zomwe. Pano n'pakati, anatero, ndipo munthu wa ganyu akapeza pakati amakhala phee.

Make Bwana anawagwira dzanja lonyowalo n'kuwalowetsa m'chipinda, n'kulilowetsa kumbuyo kwa galasi. Analiyendetsa uku ndi uku, kenako anati msomali ndi umene wapindika. Koma asanagone anakokera bedi kutali ndi khomalo. Chipindacho chinali chaching'ono, moti bedilo linangosuntha pang'ono n'kukagunda mpando.

M'mawa mwake make Bwana anapita kwa Alandi, kusitolo kwawo kogulitsa misomali ndi penti. Anamusiya ataima mpaka ogula onse atatha, kenako anati khomalo si lawo, akadandaule kwa eni mpanda. Anaonjeza kuti amene angakhudze khomalo ayambe walongedza. Make Bwana anakwera kumtunda kwa akapitawo. Iwo anamuyankhira pawindo la ofesi kuti momwe eni bwalo akudziwira, kuseri kwa mpandawo kulibe nyumba, ndipo ngati pali anthu ogona pampanda wa eni ake, amenewo anadzituma okha. Anatseka windo akumukumbutsa kuti maovolosi akufunika ouma.

Anatsala ndi anzake a pamdadada. Anawapeza masana, Atelala akupalasa makina awo pakhonde, Mayi a Makala akudzaza makala m'timatumba. Anawapempha kuti mabowo onse atsegulidwe tsiku limodzi kunja kukadali dzuwa, katundu atakwezedwa pamwamba, kuti madzi atuluke pang'onopang'ono aliyense n'kukolopa kwake. Mayi a Makala anati makala onyowa palibe amagula, ndiye ana awo adya chiyani mlungu umenewo. Atelala anati makina awo akachita dzimbiri ndiye kuti manja awo adulidwa. Onse ankanena zoona, ndipo make Bwana ankadziwa.

"Komanso, make Bwana, kuchotsa mimba ndi mlandu," anatero Atelala. "Isiyeni ikule. Tidzapita kukaona mwana."

Mayi a Makala anaseka mpaka kupukuta misozi ndi dzanja lakuda.

"Inu Atelala simunaberekepo," anatero make Bwana. "Ikafika nthawi yake sifunsa ngati mwakonzeka."

"Ndiye muzitiuza matenda akayamba, anamwino."

Kuyambira tsikulo dzina la anamwino linamukakamira. Akamadutsa ndi ndowa, wina ankafunsa kuti odwala agona bwanji.

Kunatentha masiku angapo, kutentha kolemera kopanda mphepo, kumene zovala siziuma ngakhale dzuwa lilipo. Ndiye wailesi ya Atelala inanena kuti kukubwera mvula yoposa ija, ndipo okhala m'malo otsika asamukire kumtunda. Mayi a Makala anafunsa wailesiyo ngati kumtundako yawasungira chipinda.

Tsiku lotsatira bambo a Bwana analawirira kuntchito. Pofika masana mitambo inali itaunjikana mbali ya bwalo, yakuda ngati pansi pa poto. Make Bwana analowa kukatenga zopanira zovala, ndipo anaona kuti laimu wa pakhoma wachita madontho ngati thukuta. Pansi pa galasi panali mng'alu woonda ngati ulusi umene dzulo lake panalibe. Anaika khutu pakhomapo. Pamwamba thiraki inkabwerera m'mbuyo, ndipo pansi pa phokoso lakelo anamva kena kake kakulira m'kati, monga mmene m'mimba mumalirira munthu akamwa madzi ambiri.

Anakumbukira tsiku limene Bwana anabadwa. Ankayanika zovala, osamva kupweteka kulikonse, ndipo mwadzidzidzi nsupa inasweka, madzi n'kutsikira m'miyendo. Zonse zimene ankati adzakonza mawa zinatsala momwemo. Anayang'ana mwanayo, ali gone pabedi pakamwa pali yasa, mutu wake uli pansi pa mng'aluwo.

Anamudzutsa n'kumubereka, nsalu n'kuimanga kawiri. Matiresi anawasanjika pamipando. Ufa, mabulangete ndi maovolosi a eni ake anazikweza pamwamba pa matiresiwo. Anatsegula chitseko n'kuchitsekereza ndi njerwa. Kenako anakoka thumba la zida za amuna ake pansi pa bedi, n'kutulutsa nyundo ndi tchizulo.

Simentiyo inali yolimbadi, bamboyo sananame. Anagogoda atagwada mpaka m'manja munatuluka matuza, mwana akulira kumbuyo. Atelala anafuula kufunsa kuti akukhoma chiyani, iye n'kupitiriza kugogoda. Chidutswa chomaliza chitagwera pansi, sipanatuluke kanthu. Anapisa tchizulo m'kapaipi n'kutakasa. Panatuluka matope olimba, akutsetsereka pang'onopang'ono, kenako kapaipiko kanatsokomola, ndipo madzi anathamanga mpaka kukamenya khoma la kutsogolo.

Anali ozizira, akuda, onunkha dizilo ndi zowola. Anadzaza chipinda mpaka m'akakolo, n'kutulukira pakhomo, n'kutsika ndi mdadada wonse monga bambo a Bwana ananenera. Anapeza matumba a makala ali pansi n'kusanduka inki. Atelala ananyamula makina awo pachifuwa ngati mwana, akutukwana mawu omwe palibe ankadziwa kuti amawadziwa. Mayi a Makala anaima pakhomo la make Bwana, madzi akuwadutsa m'miyendo, ndipo sanakalipe. Anangofunsa kuti anamulakwira chiyani.

Mvula inafika madziwo asanaphwe. Inagwa yoboola malata, mpaka anthu osamvana polankhula. Make Bwana anakhala pakhonde la bafa, kutali ndi khoma, mwana ali pachifuwa, akuyang'ana mtsinje wotuluka m'nyumba mwake. Kapaipi kamodziko kanalavula masana onse osapuma. Mabowo ena onse anali chitsekere.

Khoma silinagwe. Umenewo ndi umene unakhala mlandu wake waukulu. M'mawa Atelala ankauza aliyense wodutsa kuti mvula yonse ija khoma lapirira, ndiye anamwino anamiza anthu chifukwa cha maloto. Iye akanatha kunena kuti mwina lapirira chifukwa cha bowo lomwelo, koma analibe choonetsa. Alandi anabwera atavala majombo, anayang'ana makala, anayang'ana bowo, n'kunena kuti pofika Loweruka chipindacho chikhale chopanda munthu.

Bambo a Bwana sanamukalipire mkazi wawo, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangokolopa matope. Atamaliza anaima pagalasi paja n'kulowetsa dzanja kumbuyo kwake. Linalowa lonse mpaka pamfundo. Alandi anabwereranso kudzawauza kuti asanachoke amate bowolo monga analipezera.

"Simenti ndilibe, bwana," anatero bambo a Bwana.

"Ndikupatsa ine."

"Ngakhale mundipatse, ndilibe."

Loweruka anabwereka wilibala. Ankapita kwa alamu ake a make Bwana, mchemwali wa amuna ake, amene anavomera monyinyirika kuti agone pansi m'chipinda chawo kuseri kwa msika mpaka atapeza pena. Bedi anakaligulitsa chifukwa kumeneko kunalibe poliika. Pamdadada palibe anawathandiza kunyamula. Mayi a Makala anali atayanika makala awo pabwalo lonse, ndipo wilibala inkachita kuwazemba.

Ulendo womaliza usananyamuke, Alandi anafika ndi thumba la simenti paphewa ndi anthu awiri pambuyo. Mwamuna anali wamng'ono, wa nsapato zopukutidwa bwino, ndipo mkazi wake anali mtsikana woyembekezera, mimba yotsika kale, akuyenda atagwira msana. Alandi ankawauza kuti chinyezicho ndi cha wopenga wina amene anaboola khoma, koma akalimata lero, mawa pansi pakhala pouma. Analowa, anagwada, n'kuyamba kusakaniza.

Make Bwana anali atachotsa kale galasi lake n'kulikulunga m'bulangete. Anaima kanthawi, kenako analimasula n'kukalibwezera pa msomali paja. Mtsikanayo ankamuyang'ana mwamantha, zikuoneka kuti anali atamva kale kuti wopengayo ndi ameneyu.

"Asisi, galasili ndakusiyirani," anatero motsitsa mawu. "Nkhope muziyang'ana mukafuna, koma m'mawa uliwonse muzilowetsa dzanja kumbuyo kwake. Lero likufika apa, pamfundo. Likadzapitirira, musadikire amuna anu, musatenge kanthu."

Mtsikanayo anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo n'kuyang'ana Alandi. Alandi anaseka ali chogwada, ati mwamva nokha. Mtsikanayo anathokoza mwaulemu monga mmene umathokozera munthu woledzera kuti akusiye.

Make Bwana anayesanso kuuza Mayi a Makala kuti mwina ana azigona cha kukhomo. Iwo anapitiriza kutembenuza makala osadzutsa mutu, koma anati amva. Bambo a Bwana anakweza wilibala. Kumtunda thiraki ina inkabwerera m'mbuyo kufuna malo m'mbali mwa mpanda, Alonda akuikodola ndi dzanja kuti ibwerebe, ndipo kuseri kwake mitambo inali itayambanso kuda.

Akutuluka pampata, anamva Atelala akuuza alendowo kuti alandiridwa, ndipo tsopano m'chipinda chomaliziramo muli mimba ziwiri, aone kuti iyambe ndi iti. Mwamuna wa nsapato zopukuta uja anaseka. Make Bwana anatembenuka. Mtsikanayo sankaseka. Anali ataima m'kati, msana kukhomo, dzanja limodzi pamimba pake, linalo kumbuyo kwa galasi.

Dontho loyamba linagwera pamutu pa Bwana. Mayi ake anamufunditsa nsalu n'kuuza amuna ake kuti afulumire.